Nkhondo ya ku Cabo Delgado inayamba kale mfuti isanalire

Anthu ambiri akamakamba za zigawenga za ku Cabo Delgado amayambira pa 5 October 2017, tsiku lomwe kagulu ka anyamata kanaukira mapolisi mu tauni ya Mocímboa da Praia, ambiri atanyamula zikwanje, mfuti zinali zochepa chabe. Boma la Mozambique linati ndi mbava wamba zithana nazo posachedwa. Nde funso ndi loti zinatheka bwanji kuti anyamata a zikwanje, pasanathe zaka zitatu, alande doko lonse nkulisunga chaka chathunthu? Apa mpofunika kubwerera mmbuyo kaye.

Cabo Delgado ndi chigawo chomwe chili kumpoto kwenikweni kwa Mozambique, kumalire ndi Tanzania komwe kuli mtsinje wa Rovuma. Kuchoka ku Pemba, likulu la chigawochi, kukafika ku Maputo ndi makilomita opitirira 2,000 pa msewu. Chomvetsa chisoni nchoti ufulu wa Mozambique unabadwira komweku. Ku Mueda ndi komwe Apwitikizi anapha anthu pa 16 June 1960, ndipo ku Chai ndi komwe Frelimo inayambira nkhondo pa 25 September 1964. Amakonde a kumtunda ku Mueda ndi omwe anadzaza nkhondo imeneyo, nde ufulu utabwera mu 1975 mabwana ambiri a usilikali, mapenshoni a omenyera ufulu, malayisensi a matabwa ndi migodi, zambiri zinagwera kwa akuluakulu a mbali imeneyo. Filipe Nyusi yemwe analamula kuyambira 2015 mpaka January 2025 ndi Mmakonde wa ku Mueda. Amwani a mmphepete mwa nyanja, omwe ambiri ndi Asilamu, asodzi ndi ochita timabizinesi, anatsala akungoonerera, ndipo poti ambiri ankavotera Renamo boma linkawaona ngati anthu osadalirika. Osati kuti Mmakonde aliyense analemera ayi, mmidzi ya ku Mueda umphawi ndi omwewo, koma mnyamata wa ku Mocímboa akayang'ana amene akudya ankaona mtundu umodzi ndi chipani chimodzi.

Kenako kunabwera chuma. Mu 2009 ku Montepuez kunapezeka miyala ya ruby, anyamata zikwizikwi anakhamukira ku Namanhumbir kukakumba, ena ochokera ku Tanzania ndi maiko ena akutali. Malowo anapatsidwa kwa kampani ya Montepuez Ruby Mining, yomwe 75 peresenti ndi ya Gemfields ndipo yotsalayo ndi ya Mwiriti, kampani yolumikizana ndi mkulu wa asilikali wakale wa Frelimo. Kumayambiriro kwa 2017 apolisi anathamangitsa okumba pawokha aja mwankhanza. Mu 2019 Gemfields inavomera kulipira mapaundi 5.8 miliyoni kwa anthu 273 omwe anadandaula ku London za kumenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuphedwa kwa abale awo, ngakhale kampaniyo sinavomere kuti ndi yolakwa. Taganizani mnyamata amene dzulo anali ndi ndalama mthumba, lero wamenyedwa, katundu walandidwa, kwawo kulibe ntchito, ndipo wina akumuuza kuti bwera tikupatsa mpamba komanso ulemu.

Gasi naye anapezeka mu 2010 pansi pa nyanja kufupi ndi Palma, kampani ya Anadarko ndi imene inayamba kumupeza, kenako kampani ya Eni. Total itagula gawo la Anadarko mu 2019 polojekiti ya gasi ya ku Afungi, pafupi ndi Palma, inali ya madola 20 biliyoni. Anthu anasamutsidwa mminda yawo kupita ku mudzi watsopano wa Quitunda, asodzi anatalikitsidwa ndi malo omwe ankaponya maukonde, ndipo ntchito zabwino zinkapita kwa anthu ophunzira ochokera kummwera kapena kunja chifukwa masukulu a kumeneko anali atasiyidwa kalekale. Nthawi yomweyo mu 2016 kunaululika ngongole zobisa za madola pafupifupi 2 biliyoni, zomwe ankati nzogulira maboti ophera nsomba ndi otetezera gombe. IMF inaimitsa thandizo, ndalama ya Mozambique ya metical inagwa. Ndalama zomwe amati nzoteteza gombe zinathera mmatumba, gombe lomwelo ndi lomwe zigawenga zinadzayendamo ndi maboti momasuka.

Za chipembedzo zilipo ndithu, tisazibise. Zaka zingapo 2017 isanafike kunali kale kagulu ka achinyamata omwe anapatuka mmizikiti, ankalowa mu mzikiti ndi nsapato, kuletsa ana kupita ku sukulu za boma, kunyoza mashehe akuluakulu kuti ndi ogulidwa. Ankamvera maulaliki a Aboud Rogo, shehe wa ku Kenya yemwe anaphedwa ku Mombasa mu 2012, ndipo Chiswahili chimamveka bwinobwino mmphepete monsemo. Anthu anangowatcha al-Shabaab kutanthauza achinyamata, koma si gulu limodzi ndi la ku Somalia. Atsogoleri a Chisilamu a komweko anachenjeza boma mobwerezabwereza, ena mwa anyamatawo ankamangidwa nkutulutsidwa, nkhani nkuthera pomwepo. Izi zimandipweteka kwambiri chifukwa anthu oyamba kuona ngoziyi anali Asilamu eni ake, ndipo ndi omwenso anadzaphedwa ambiri.

Mfuti zitayamba kulira boma linayankha ndi kumanga anthu mwachisawawa, kutseka mizikiti, kuthamangitsa atolankhani. Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa wailesi ya ku Palma, anasowa mu April 2020 atatumiza uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali, mpaka pano sanaoneke. Asilikali omwe ankatumizidwa ambiri anali anyamata osadziwa chilankhulo cha kumeneko, chakudya chosakwana, malipiro ochedwa, nde pa rodibuloko mmalo moteteza anthu amawalanda ndalama ndi mafoni. Munthu wa mmudzi akaona yunifolomu sankadziwa kuti athawire kuti, makamaka poti zigawenga nazo zinkavala mayunifolomu olanda kwa asilikali. Mu April 2019 namondwe Kenneth anadzaphwasula Macomia, Quissanga ndi Ibo, mu June chaka chomwecho Islamic State inayamba kunena kuti anyamatawa ndi ake. Boma linalemba ganyu asilikali a kampani ya Wagner ya ku Russia, anaphedwa angapo mtchire nkuchoka patangotha miyezi yochepa, kenako linabweretsa kampani ina ya asilikali aganyu ya Dyck Advisory Group ya ku South Africa ndi mahelikopita ake.

2020 ndi chaka chomwe zinthu zinathina. Mu March anyamata a zigawenga aja analowa Mocímboa ndi Quissanga nkukweza mbendera yakuda, malo ena ankagawa chakudya ndi ndalama zomwe alanda uku akuuza anthu kuti ife sitikulimbana ndi inu tikulimbana ndi boma. Koma mu April ku Xitaxi anapha anyamata 52 omwe akuti anakana kulowa gululo. Mu August analanda doko la Mocímboa, mu October anaoloka Rovuma kukaukira Kitaya ku Tanzania, mu November ku Muatide anadula anthu mitu pa bwalo la mpira. Atsikana ankagwidwa kukakhala akazi a zigawenga, anyamata aang'ono kuphunzitsidwa mfuti. Anthu ankathawa pa maboti odzaza mopitirira muyeso, masiku angapo panyanja opanda madzi akumwa, kukatsikira pa gombe la Paquitequete ku Pemba, komwe nyumba imodzi inkasunga mabanja atatu kapena anayi.

Zonsezi dziko lapansi linali phee. Linadzadzidzimuka pa 24 March 2021 Palma itaukiridwa, chifukwa mu hotela ya Amarula munatsekeredwa anthu akunja ogwira ntchito za gasi. Mu April Total inaimitsa ntchito yonse, ndipo pofika July asilikali ndi apolisi 1,000 a Rwanda anali atafika, SADC nayo inatumiza gulu lake la SAMIM. Pa 8 August Mocímboa inabwerera mmanja mwa boma. Zomwe zinakanika zaka zinayi zinatheka mmwezi umodzi gasi atangoima, ndipo anthu a kumeneko anaziona zimenezo.

Zigawenga sizinathe, zinangomwazikana. Kumapeto kwa 2021 zinaonekera ku Mecula mchigawo cha Niassa, mu September 2022 zinafika ku Nampula nkupha sisitere wa ku Italy pa mishoni ya Chipene. Mtsogoleri wawo Bonomade Machude Omar anaphedwa mu August 2023 koma mu May 2024 anyamata ake anaukirabe tauni ya Macomia, ndipo SAMIM inanyamuka mu July chaka chomwecho ndalama zitavuta. Masiku ano asintha kachitidwe, mmidzi ina ya mmphepete mwa nyanja amagula zinthu pa mtengo wabwino, kulalikira mmizikiti, kulipiritsa madalaivala ndi asodzi ndalama kuti adutse, ntchito zomwe amayenera kumagwira ndi a boma. Anthu otopa ndi kudikira anadzutsa gulu la Naparama, lomwe limapita ku nkhondo ndi mikondo ndi mankhwala omwe amakhulupirira kuti chipolopolo sichilowa, ndipo ambiri afera momwemo.

Anthu opitirira 1 miliyoni athawapo mmakomo mwawo chiyambire 2017, ophedwa ndi masauzande. Ku Afungi kuli chitetezo chokhwima ndipo TotalEnergies (dzina latsopano la Total) inalengeza mu October 2025 kuti yachotsa chiletso chomwe inaika pa ntchito yake. Miyezi itatu izi zisanachitike, mu July, anthu masauzande ambirimbiri a boma la Chiúre anali akuthawanso wapansi ndi ana kumsana, ena kachiwiri ena kachitatu, atasiya mbewu mminda.