De Lacy Evans, msilikali amene ankadana ndi kugula maudindo

Ku Britain inalipo nthawi imene munthu ankagula udindo wa usilikali monga mmene amagulira munda. Mtengo wovomerezeka wa udindo wa lieutenant-colonel m'gulu la asilikali oyenda pansi unali mapaundi 4,500, koma ambiri ankawonjezerapo zina mwamseri, motero mwana wa munthu wolemera ankatha kulamula amuna amene anamva kulira kwa mfuti iye asanabadwe. Moyo wa George De Lacy Evans umamveka bwino tikauyang'ana pambali pa mchitidwe umenewu.

Evans anabadwa mu 1787 ku County Limerick m'dziko la Ireland. Anayambira usilikali ku India, anamenya nkhondo ku Spain pansi pa Wellington, mtsogoleri wa asilikali a Britain, analipo pamene asilikali a Britain anatentha nyumba za boma ku Washington mu 1814, ndipo chaka chotsatira anali ku nkhondo ya ku Waterloo. Nkhondo zitatha anamukhazika pansi n'kumamupatsa theka la malipiro, zimene zinkachitikira ambiri opanda chuma kapena achibale apamwamba.

Mu 1830 anasankhidwa kukhala phungu wa Rye, ndipo kuyambira 1833 anaimira Westminster mpaka 1865, kupatula zaka zisanu zimene anakhala kunja atagwa pa chisankho cha 1841. Tisaiwale kuti aphungu a nthawiyo sankalandira malipiro, chifukwa zimenezo zinadzayamba mu 1911. Uphunguwo sunamuvule yunifolomu: mu 1835 anatsogolera asilikali pafupifupi 10,000 kukathandiza Mfumukazi Isabella ku Spain, ndipo mu 1854, ali ndi zaka 66, anapita ku nkhondo ya ku Crimea, kumene anavulala pa mtsinje wa Alma.

Kumeneko n'kumene kuipa kwa maudindo ogula kunaonekera poyera, pakuti akuluakulu ena, monga Lord Cardigan amene anagula utsogoleri wa gulu lake ndi ndalama zochuluka, anali olimba mtima koma osowa nzeru za nkhondo. Evans atabwerera ku nyumba ya malamulo ankaidzutsa nkhaniyi mobwerezabwereza, ndipo m'kuona kwanga mawu ake ankalemera chifukwa aphungu anzake ankadziwa kuti wolankhulayo ali ndi zipsera.

Anamwalira pa 9 Januwale 1870. Chaka chotsatira nduna yoona za nkhondo, Edward Cardwell, inathetsa kugula maudindo, ndipo popeza a House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo, ankatchinga, boma linadzera m'chikalata chosainidwa ndi Mfumukazi Victoria.