Musanamubwereze kalasi, mwamuyeza makutu?

Ndatopa kumva aphunzitsi anzanga akunena kuti, "Mwana uyu alibe mutu, abwereze basi." Pa ntchito yanga yothandiza aphunzitsi a pulayimale amene ali ndi ana aulumali, mawuwa ndimawamva teremu iliyonse, ndipo kawirikawiri amanenedwa popanda wina woyeza maso kapena makutu a mwanayo.

Mu 1994 maboma 92 adakumana ku Salamanca, m'dziko la Spain, n'kugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Mfundoyo ndi yabwino ndithu. Koma aphunzitsi ambiri adangolandira anawa osaphunzitsidwa chinenero chamanja, mabuku a Braille (zilembo zimene osaona amawerenga ndi zala) palibe, kalasi itadzaza mpaka pakhomo. Pa zimenezo sindiwaimba mlandu. Chimene chimandipsetsa mtima ndi kuweruza mwana usanamuyang'anitsitse.

Mtsikana wina wa sitandade 2 amandiwawabe mumtima. Adabwereza kawiri. Ankakhala kumbuyo, pakona, chifukwa anzake ankathawa fungo la mafinya otuluka m'makutu mwake. Mphunzitsi akamalankhula atayang'ana ku bolodi, iye ankangosuzumira m'kope la mnzake. Akamufunsa maso ndi maso, ankayankha bwinobwino. Mwanayo ankawerenga milomo, ndipo palibe adazindikira! Kunyumba ankamudonthezera m'makutu madzi a zitsamba ochokera kwa sing'anga. Pomwe ankafika naye kuchipatala n'kuti makutu onse awiri atawonongeka kale, ndipo zaka zoyambira kuwerenga zitamudutsa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa ana 100 aliwonse amene samva bwino, pafupifupi 60 vuto lawo likadapeweka. Makolo, khutu likayamba kutuluka mafinya pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musathiremo mafuta, zitsamba kapena china chilichonse, musatokosemo ndi kamtengo. Aliyense wolonjeza kuti "amutsegula mutu" mwana wanu akungodya ndalama zanu pamene matenda akukula. Chimodzimodzi khunyu: silipatsirana, mankhwala ake alipo kuchipatala. Mwana akagwa m'kalasi musamuike supuni m'kamwa. Chotsani madesiki pafupi, ndipo akasiya kuphupha mugonekeni chammbali.

Aphunzitsi anzanga, mwana amene mukumukayikira mukhazikeni kutsogolo, lankhulani mutamuyang'ana, lembani zilembo zikuluzikulu. Makolo ake aitaneni sabata yomweyo. Musadikire mayeso a teremu yachitatu.