Galimoto Zikagundana Popitirirana pa Formula 1, Wolakwa Ndani?

Tsiku la mpikisano wa galimoto wa Formula 1, kaya ku Bwandilo, ku Area 25 kapena m'magulu a WhatsApp a mu Lilongwe muno, mkangano umakhala womwewomwewo. Wina akuti "wamutsekera dala," wina akuti "iyeyo ndi amene walowa mokakamiza." Ambiri timaweruza poyang'ana dalaivala amene timamukonda. Komatu malamulo alipo, ndipo mu June 2025 bungwe la FIA, limene limayang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse, linatulutsa poyera ndondomeko imene oweruza ake amatsatira.

Kodi wopitirira si ndiye wolakwa nthawi zonse?

Pamsewu wa M1 zimakhala choncho: ukagunda minibasi pamene ukuipitirira, apolisi ayamba ndi iweyo. Pampikisano zimasiyana. Wopitirira ali ndi udindo woti alowe bwinobwino, koma akafika pamlingo wina, wakutsogolo amayenera kumusiyira malo. Mlandu wonse umagona pamenepo: kodi anali atafika pamlingowo kapena ayi?

Mlingowo ndi uti?

Kona iliyonse ili ndi nsonga yake, pamene galimoto imayandikira kwambiri m'mphepete mwa mkati. Malo amenewa amawatcha apex, ndipo oweruza amayang'anitsitsa pomwepo.

Ukamalowera mkati mwa kona, matayala ako akutsogolo ayenera kukhala atafika pagalasi la m'mbali la mnzakoyo musanafike pansonga, komanso pansonga penipenipo. Kufika kokha sikokwanira. Galimoto ikhale m'manja mwako, osati yochita kutsetsereka matayala akufuka utsi, ndipo uthe kukhota popanda kutuluka kunja kwa mizere yoyera. Amene wachedwetsa mabuleki n'kungodziponya ali patali alibe ufulu wopempha malo.

Kupitirira chakunja n'kovuta kwambiri. Pamenepo matayala ako akutsogolo akhale patsogolo pa matayala akutsogolo a mnzako pofika pansonga. Ukaperewera pang'ono chabe, wamkatiyo atha kutambasula njira yake mpaka kumapeto kwa msewu, iwe n'kupezeka uli kunja.

Kodi lamulo limeneli silipatsa mpata ochenjera?

Limapatsa, ndipo ine ndi pamene limandidetsa nkhawa. Dalaivala wamkati atha kumasula mabuleki msanga kuti aoneke ali patsogolo pansonga, ngakhale akudziwa kuti konayo saimaliza bwino. Ku Austin, ku America, mu 2024, Lando Norris anayesa kupitirira Max Verstappen chakunja. Onse awiri anatuluka mumsewu, koma Norris ndiye analandira chilango cha masekondi 5 chifukwa chopitirira ali kunja, n'kutaya malo achitatu. Sabata yotsatira ku Mexico City, oweruza anampatsa Verstappen zilango ziwiri za masekondi 10 pa nkhondo yake ndi Norris yemweyo. Anthu awiri omwewo, zigamulo zosiyana, chifukwa pamene matayala anali pansonga panasiyana.

Nanga woteteza malo ake amaloledwa kuchita chiyani?

Amaloledwa kusintha mbali kamodzi kokha. Akafuna kubwerera kunjira yake yokhotera, asiye mpata wokwana galimoto imodzi pakati pa iye ndi mzere wa m'mphepete. Kukhotera mnzako pamene nonse mwaponda kale mabuleki n'koopsa, chifukwa winayo alibenso kothawira. Ku Austria mu 2024, Verstappen anasendera kumanzere Norris ali pambali pake. Matayala a onse awiri anaphulika, Norris sanamalize, Verstappen analangidwa masekondi 10, ndipo George Russell anatola chipambano.

Ku Silverstone, ku England, mu 2021 Verstappen anakaonedwa kuchipatala, koma Hamilton anangolandira masekondi 10 n'kupambana. Chilungamo chili pati?

Funso ili limautsabe mapokoso mpaka lero. Pakona ya Copse, paulendo woyamba, Lewis Hamilton analowera mkati, tayala lake lakutsogolo kumanzere linakhudza tayala lakumbuyo la Verstappen, ndipo galimoto ya Verstappen, ya timu ya Red Bull, inakamenya khoma la matayala ndi mphamvu ya 51G (mphamvu yofanana ndi kulemera kwake kuchulukitsa ka 51). Oweruza anati Hamilton ndi amene anali ndi gawo lalikulu la kulakwako, chifukwa mkatimo munali mpata koma sanafike pansonga. Sananene kuti analakwa yekha.

Chofunika kumvetsa ndi ichi: oweruza amalanga chimene dalaivala wachita, osati kukula kwa ngozi imene yatsatira. Zimapweteka ukamaona galimoto ya amene umamukonda ili zidutswazidutswa, koma ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo yabwino. Kukhudzana kofanana kutha kusiya wina ali bwinobwino, wina ali pakhoma, malingana ndi liwiro la konayo. Patapita miyezi iwiri ku Monza, ku Italy, galimoto ya Verstappen inakwera pamwamba pa ya Hamilton, chitsulo cha halo, chimene chimazungulira pamwamba pa mutu wa dalaivala, n'kuteteza mutu wa Hamilton. Ulendo uno oweruza anati Verstappen ndiye anali ndi gawo lalikulu poti anayesa mochedwa, ndipo anamubweza malo atatu poyambira mpikisano wotsatira ku Sochi, ku Russia.

Kodi zimatheka kuti pasakhale wolakwa?

Zimatheka. Ngati palibe amene walakwa kwathunthu kapena kwambiri kuposa mnzake, oweruza amati ndi ngozi wamba ya pampikisano. Paulendo woyamba, galimoto zikadali zothinana, amakhalanso ofewerapo.

Nanga wogunda dala?

Ameneyo nkhani yake ndi ina. Ku Jerez, ku Spain, mu 1997 Michael Schumacher anakhotera Jacques Villeneuve amene ankamupitirira mkati, ndipo FIA inamuchotsa pamndandanda wa madalaivala wa chaka chonsecho.

Chilango chimathera tsiku lomwelo?

Ayi. Kuwonjezera pa masekondi, dalaivala atha kulembedwa mapointi a chilango palayisensi yake, ndipo akakwana 12 m'miyezi 12 amakhala panja mpikisano umodzi. Zinamuchitikira Kevin Magnussen mu 2024: atakhudzana ndi Pierre Gasly ku Monza, sanayendetse mpikisano wotsatira ku Baku, ku Azerbaijan. Timu itha kupempha kuti chigamulo chiunikidwenso, koma iyenera kubweretsa umboni watsopano komanso wofunikira, umene unalibe pamene oweruza ankagamula. Red Bull inayesa pa nkhani ya ku Silverstone ija, pempho lake linakanidwa.