Anakana chiphaso, nambala n'kuwalowerera

Munthu wa ku America akafunsidwa chiphaso, nthawi zambiri amatulutsa laisensi yoyendetsera galimoto. Laisensiyo sichokera ku Washington, imaperekedwa ndi boma la chigawo chimene iye akukhala, kaya Texas kaya Ohio. Chiphaso cha unzika chonga chija tinalembetsa ife mu 2017 kumeneko kulibe, ndipo ambiri safuna n'kuchimva komwe.

Mantha awo ali ndi pochokera. Nthawi ya ukapolo, munthu wakuda ankayenda ndi kalata ya mbuye wake. Mu 1892 lamulo la Geary linakakamiza Atchaina kuyenda ndi chikalata chosonyeza kuti akukhala m'dzikomo mololedwa, osapezeka nacho ankathamangitsidwa. Kwa anthu okumbukira zimenezi, pepala lofunsidwa pamsewu ndi goli.

Komabe boma linkafuna njira yowerengera ndalama za penshoni, ndiye mu 1936 linayamba kupereka nambala ya Social Security. Kakhadi kake n'kapepala chabe, kopanda chithunzi. Kuyambira 1946 mpaka 1972 ankalembapo kuti si chiphaso. Ndani anamvera? A msonkho anaitenga nambalayo, asilikali anaitenga, mabanki ndi zipatala nawonso.

Kufooka kwake kunaonekera msanga. Mu 1938 kampani ina yopanga zikwama za m'thumba inaika kakhadi kachitsanzo m'chikwama chilichonse, kokhala ndi nambala yeniyeni ya mlembi wa pakampanipo, 078-05-1120. Ogula zikwizikwi anangoiyesa yawo, n'kumakalembetsa nayo ntchito. Mu 2017, akuba a pa intaneti anathyola nkhokwe za kampani ya Equifax, yosunga mbiri ya ngongole za anthu, n'kutenga mbiri ya anthu pafupifupi 147 miliyoni. Apa mpamene pamandiwawa ine: nambala imene munthu amakhala nayo moyo wake wonse, yovuta kusintha, ili m'manja mwa aliyense, ndipo woberedwa nambalayo ndiye amene amayenda ofesi ndi ofesi kutsimikiza kuti ngongole imene akuba atenga m'dzina lake si yake.

Zigawenga zimene zinaukira America ndi ndege pa 11 Seputembala 2001 zitapezeka kuti zina zinali ndi ziphaso za m'zigawo zozipeza mwachinyengo, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la REAL ID mu 2005, loti malaisensi onse atsate muyezo umodzi. Zigawo zambiri zinakana, Maine patsogolo, ponena kuti chimenechi ndi chiphaso cha dziko cholowera kukhomo la kuseri. Tsiku loyambira analisuntha kambirimbiri, mpaka pa 7 Meyi 2025 pamene anayamba kufunsa, pokwera ndege, laisensi ya muyezo watsopanowo, yokhala ndi kanyenyezi pakona.