Kolera ikabuka, musaope tenti ya ku chipatala: bwerani msanga

Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700. Ambiri anafika ku chipatala mochedwa, ena sanafike n'komwe. Mpaka lero mphekesera ija ikumvekabe m'midzi, yakuti wolowa mu tenti ya kolera satulukamo wamoyo. Ili ndi bodza, ndipo ndi bodza lopha.

Kolera imabwera ndi kachilombo kotchedwa Vibrio cholerae, kamene kamalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Zizindikiro zimatha kuoneka patangopita maola ochepa, mwina mpaka masiku 5. Munthu amatsegula m'mimba madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, amasanza, miyendo n'kumakokana. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Munthu wamphamvu amene m'mawa anali kudimba akhoza kumwalira dzuwa lisanalowe.

N'chifukwa chake chipatala chimasintha kagwiridwe ka ntchito. Pa geti mupeza ndowa ya madzi a klorini osamba m'manja, ndi wazaumoyo wofunsa aliyense chimene chamubweretsa. Wotsegula m'mimba sakhala pa mzere ndi anzake, amapita naye molunjika ku tenti. Tentiyo imaikidwa padera, ili ndi mpanda, chimbudzi ndi khomo lakelake, kuti matenda asafike kwa amayi oyembekezera ndi ana a mu wodi. Wodikirira wodwala amaloledwa mmodzi yekha. Tikudziwa kuti izi zimawawa, poti kwathu kuno matenda ndi a mudzi wonse, koma abale khumi akalowa, mawa ena mwa iwo adzabwera atanyamulidwa.

Mabedi a mu tenti ndi obowola pakati. Pansi pa bowolo pamakhala ndowa ya chimbudzi, pambali ina ya masanzi, kuti wodwala wofooka asavutike kudzuka komanso kuti anamwino aziona kuchuluka kwa madzi amene akutaya. Fungo la klorini lisakudabwitseni: ya 0.05% ndi yosamba m'manja, ya 0.2% yotsukira pansi, mabedi ndi zovala, ndipo ya 2% imathiridwa m'ndowa zija zisanakatayidwe.

Tsono nkhani ya diripi, imene anthu amaikayikira kwambiri. Mukaona mabotolo akutha motsatizana, musaganize kuti wodwala akuthiridwa chiphe. Mu botolomo muli madzi ndi mchere wofanana ndi umene thupi lataya, otchedwa Ringer's lactate. Munthu wamkulu wolemera makilo 60 amene watheratu madzi amafunika malita 6 m'maola atatu oyamba. Palibe amene amapopa magazi a wodwala. Funsani namwino, akuonetsani zimene zalembedwa pa botolo.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amafera mu tenti? Chifukwa amabwera atagona usiku wonse kunyumba akumwa Flagyl wa pa golosale, kapena atayamba apita kwa sing'anga, kapena akudikira kuti kuche. Akamafika, maso alowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera, mitsempha yafota moti singano ya diripi imavuta kulowa, impso zasiya kupanga mkodzo. Akamwalira, mudzi umati tenti yamupha. Wofika msanga nthawi zambiri safuna n'komwe diripi, amachira ndi Thanzi ORS yekha. Pakakhala chithandizo cha nthawi yake, pa odwala 100 aliwonse womwalira safika ngakhale mmodzi. Pemphero ndi labwino, koma pempherani muli pa njira.

Kutsegula m'mimba kukangoyamba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndiye kuti mabotolo awiri a 500 ml. Ngati paketi palibe, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mopitirira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Musachulutse mchere, ndi woopsa makamaka kwa ana. Wodwala azimwa pang'onopang'ono njira yonse, kaya ali pa kabaza kapena pa ngolo. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. ORS sikuti ilowa m'malo mwa chipatala, ndi yomuthandiza kuti akafike wamoyo. Ngakhale pakati pa usiku, nyamukani, tenti sitsekedwa.

Musaiwalenso kuti kolera ikabuka chipatala sichisiya ntchito zina. Sikelo ya ana, sikelo ya amayi, kubereka, ma ARV ndi mankhwala a TB zonse zimapitirira, kutali ndi tenti. Mzere ukhoza kutalika chifukwa anamwino ena asamutsidwira ku kolera, koma mayi asaberekere kunyumba poopa matendawa, ndipo wa ma ARV asadumphitse tsiku lake.

Wina akadwala pakhomo panu, alangizi a zaumoyo adzabwera kudzathira klorini ndi kuona ena a m'banjamo. Alandireni, sanabwere kudzakuchititsani manyazi. Madzi akumwa mukathira klorini, dikirani mphindi 30 musanamwe. Katemera wa kolera ndi wakumwa, akafika m'dera lanu kalandireni.

Pa maliro a kolera, thupi limakhala likadali ndi tizilombo tambiri. Musalisambitse nokha, azaumoyo alikonza ndi klorini abale akuona, ndipo liikidwe mwachangu. Pasaphikidwe chakudya cha gulu, ndipo adzukulu ndi onse ochokera ku manda asambe m'manja ndi sopo. Amfumu ndi atsogoleri a mipingo, mawu anu amamveka kuposa athu: uzani anthu anu kuti wotsegula m'mimba asagone naye m'nyumba. Mukafuna uphungu, imbani 929, Chipatala cha pa Foni, kwaulere.