Wophunzira akakhala chete pa foni

Lachiwiri lililonse 6 koloko madzulo ndimatsegula kalasi yanga pa kompyuta. Pa sikirini pamangooneka mayina, makamera onse ali otseka, poti kuyatsa kamera kumadya bandulo. Ndikafunsa kuti, "Mukundimva?" pamapita kanthawi, kenaka liwu limodzi limatulukira patali: "Tikumva, Madam." Kumbuyo kwake kumamveka kondakitala akuitanira a ku Area 25. Wina ali m'minibasi, wina akukupiza mbaula ku Kawale, wina wangoyamba kumene ntchito ya usiku ku Kanengo. Ophunzira anga ambiri ndi akuluakulu, a pantchito ndi a pabanja, omwe adabwerera kusukulu kuti awonjezere maphunziro.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi sikudayambe lero kuno kwathu. Sukulu yomwe pano timaitcha Malawi College of Distance Education idayamba m'zaka za m'ma 1960, ikuphunzitsa anthu kudzera m'makalata a papositi ndi pawailesi. Ana a ku pulayimale adamverapo pologalamu ya maphunziro ya Tikwere pa wailesi ya MBC. Koma ambiri mwa ife tidalowa m'za intanetizi mokankhidwa, sukulu zonse zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Mliri udapita, njirayi idatsala. Lero sukulu za ukachenjede monga LUANAR ndi Mzuni zili ndi ophunzira omwe amabwera kudzakumana ndi aphunzitsi masiku ochepa chabe, zotsalazo n'kumaphunzira ali kwawo pa Moodle (tsamba la pa intaneti loikapo maphunziro), pa Zoom kapena pa WhatsApp. Kusakaniza kumeneku, kwina pamaso m'pamaso kwina pa foni, ndi kumene ndikukamba pano.

Vuto lalikulu la kuphunzira kotereku ndi loti munthu amasiya sukulu popanda womuona. M'kalasi ya njerwa, mpando ukakhala wopanda munthu umaonekeratu, ndipo anzake amakuuza kuti uje wadwala kapena wapita ku maliro. Pa intaneti munthu amayamba ndi kusayankha. Kenaka amaphonya ntchito imodzi, manyazi n'kumugwira, sabata yotsatira osabweranso. Dzina lake likadali pa gulu la WhatsApp, mauthenga akumufika, koma mtima udachoka kale. Aphunzitsi anzanga ena amati umenewu ndi ulesi. Ine ndimakana. Munthu amene wadzimana ndiwo kuti alipire fizi sangakhale waulesi. Chimene chimamugwetsa mphwayi n'kuona kuti abwere, asabwere, palibe akumuyembekeza.

Akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, adafufuza kwa zaka zambiri chomwe chimapangitsa munthu kulimbikira popanda womukakamiza. Adapeza kuti munthu amafuna kumva kuti ali ndi mpata wosankha yekha, kuti zimene akuchitazo akuzitha, komanso kuti pali anthu amene ali naye limodzi. Pa zitatuzi, chomwe chimayamba kufa pa intaneti ndi chomalizachi. N'chifukwa chake ine ndimayambira pamenepo.

Sabata yoyamba sindiphunzitsa zambiri. Ndimapempha aliyense atumize uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi: dzina lake, kumene akukhala, ntchito yake, ndi nthawi yomwe amapeza mpata wowerenga. Ndimalemba zonsezo m'kope. Tsono ndikafuna yankho sindinena kuti, "Alipo ali ndi ganizo?" Funso lotere pa Zoom limangogwera pansi. Ndimaitana munthu ndi dzina: "Bambo a ku Mitundu, inu amene mumagulitsa mbewu, zimenezi mumaziona bwanji kumsika?" Munthu akamva kuti mphunzitsi akukumbukira kumene amachokera, amakhala tsonga. Ndimawagawanso m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu okhala moyandikana, a ku Chinsapo ndi Likuni paokha, a ku Biwi ndi Mchesi paokha, kuti wina netiweki ikamuvuta anzake amufotokozere, ngakhale kukumana Loweruka pakhonde la mmodzi wa iwo. Gulu la anthu 60 pa WhatsApp silisunga munthu. Ka anthu anayi kamafunsa kuti, "Achimwene, dzulo simudaoneke, kwagwanji?"

Cholakwa chomwe ine mwini ndidachita mu 2020 chinali kutenga phunziro la maola awiri, monga ndinkaphunzitsira m'kalasi, n'kulijambula lonse pa vidiyo imodzi. Ndidatumiza ndili wonyadira. Ochepa okha ndiwo adaitsegula, ndipo mayi wina adandiuza mwaulemu kuti, "Madam, bandulo idandithera isanafike ndi pakati pomwe." Pambuyo pake ndidadzawerenga kafukufuku wa Philip Guo ndi anzake wa mu 2014, amene adaunika momwe anthu amaonera mavidiyo a maphunziro pa edX, tsamba la pa intaneti lophunzirirapo. Adapeza kuti ambiri chidwi chimawathera pakadutsa mphindi pafupifupi 6, kaya vidiyoyo ndi yaitali bwanji.  Nanga kuli bwanji wa ku Mtandire amene akuwerengera kambiri asanagule deta, foni yake ili ku tchaja kwa ometa tsitsi chifukwa magetsi athima?

Pano phunziro lililonse ndimalidula timagawo. Kagawo kamodzi, mfundo imodzi, mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Nthawi zambiri sinditumiza n'komwe vidiyo. Uthenga wa mawu ndi tsamba limodzi la manotsi owerengeka bwino pa foni zimakwana, ndipo munthu angathe kumvetsera ali pa kabaza kapena akuchapa. Kalasi ya Zoom ndimaisunga yaifupi, ndipo zonse zomwe takambirana ndimaziika mwachidule pa gulu usiku womwewo, kuti amene netiweki idamudula asadzione ngati watsalira. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo munthu akamaliza kagawo kamodzi amamva kuti akutha, n'kufuna kotsatira.

Koma kumvetsera kokha sikuphunzira. Apa mpamene anthu ambiri, ngakhale makolo, amasokonezeka. Amaona mwana ali ndi zomvera m'makutu maola atatu n'kumati akulimbikira. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke adayesa magulu a ophunzira: ena adawerenga nkhani mobwerezabwereza, ena adawerenga kenaka n'kuyesa kulemba zomwe akukumbukira osayang'ana. Patapita sabata, amene adadziyesa aja ndiwo adakumbukira zambiri. Ubongo umasunga chinthu ukavutikira kuchitulutsa. Choncho kagawo kanga kalikonse kamathera pa funso limodzi loti ayankhe tsiku lomwelo, ndi mawu awoawo, m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Amasankha okha kulemba, kulankhula, kapena kujambula chithunzi cha zomwe alemba pa pepala. Si mayeso ogwetsa munthu. Ndi njira yoti iye adzione pamene ali, inenso ndione amene wayamba kuzimirira.

Ndiye pali kuyankha. Apa ndikunena ife aphunzitsi. Wophunzira akatumiza ntchito n'kukhala masabata atatu osamva kanthu, amadziwa kuti akuyankhula ndi khoma. Sindikuti mphunzitsi asamagone. Inenso ndili ndi ana ofuna nsima. Ine ndidawauza poyera kuti ndimayankha kuyambira 7 mpaka 8 koloko usiku, ndipo lonjezo limeneli ndimalisunga. Yankho silifunika kutalika. "Chitsanzo chanu cha mtengo wa feteleza chagwira mfundo, koma onaninso ndime yachiwiri" ndi lokwanira, bola lionetse kuti ntchitoyo ndaiwerengadi. Mawu oti "mwachita bwino" okha sathandiza munthu kudziwa choti akonze.

Tsiku lokumana pamaso ndi lamtengo wapatali. Wina wakwera minibasi ziwiri, wina wapempha tchuthi kwa abwana ake. Kumuimika pamenepo n'kumamuwerengera manotsi omwe ali kale m'foni mwake n'kumulakwira. Tsiku limenelo ndi la kugwira zinthu ndi manja, kutsutsana, kulakwitsa pagulu n'kukonzana. Ndimayamba ndi mafunso amene adawavuta pa WhatsApp, ndipo ndimaona nkhope zikumasuka akazindikira kuti si iwo okha amene sadamve.

Inu a kunyumba mbali yanu iliponso. Ola la kalasi likakwana, wophunzirayo mutengereni mwana, tsitsani wailesi, musamutume ku golosale poti "akungoseweretsa foni." Akamaliza mufunseni kuti, "Lero mwaphunzira chiyani?" Akamakufotokozerani, akuchita zomwe adapeza Roediger ndi mnzake zija.

Ndili ndi lamulo limodzi lomwe sindiliphwanya. Munthu akakhala chete masiku 7, sindilemba pa gulu kumuchititsa manyazi. Ndimamuimbira. Teremu yatha ndidaimbira mayi wina amene adasowa masabata awiri ndisanamupeze. Atayankha adayamba ndi kupepesa, mawu akunjenjemera. Mwana wake adagonekedwa m'chipatala, ndipo iye adaganiza kuti watsalira kwambiri moti kubwerera n'kosathekanso. Ndidamuuza kuti asiye zonse zam'mbuyo, amvetsere kagawo kamodzi kokha usiku umenewo, ayankhe funso lake. Yankho lidafika 10 koloko itadutsa, litalembedwa pa pepala la m'kope la mwana, chithunzi chake chopendekeka pang'ono. Lachiwiri lotsatira dzina lake lidali lachitatu kulowa pa Zoom.