Kusamalira Mano Mukasiya Mankhwala Ozunguza Bongo

Anthu ambiri amene asiya chamba, kachasu kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amadabwa kuti mano ayamba kuwawa atangosiya. Sikuti kusiyako ndiko kwawononga manowo. Anabowoka kale, koma kuledzera kunkaphimba ululu.

Vuto lalikulu ndi kuuma kwa m'kamwa. Malovu amatsuka zotsalira za chakudya ndi kufooketsa asidi amene amadya dzino, koma chamba ndi codeine zimawachepetsa. Mankhwala a chifuwa aja alinso ndi shuga wambiri, ndipo woledzera amagona osagwira mswachi. Munthu akasiya, chibaba chimamuthamangitsira ku maswiti ndi tiyi wothira shuga wambiri, mano n'kumapitirira kuwola.

Tsukani mano kawiri pa tsiku, mphindi 2, makamaka musanagone. Mswachi ukhale wofewa, mankhwala otsukira akhale ndi fluoride, amene amalimbitsa mano. Mukamaliza lavulani, koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Nkhama zikamatuluka magazi musaleke. Tsukani mofatsa pamene dzino lakumana ndi nkhama. Sinthani mswachi pa miyezi 3 iliyonse. Imwani madzi pafupipafupi. Mukasanza, chukuchani ndi madzi, mudikire mphindi 30 musanatsuke.

Musaike asipirini pa dzino lowawa, amawotcha nkhama. Pitani ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena Thyolo, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo, ndipo muwauze adokotala poyera kuti munasiya mankhwala ozunguza bongo, kuti asakulembereni mankhwala ochepetsa ululu monga tramadol kapena codeine amene angadzutse chibaba. Akazula dzino musasute kwa masiku atatu, chifukwa kusuta kumachotsa magazi oundana pabalapo, fupa n'kutsala poyera, ululu wake woposa wa dzino lija. Mukaona kutupa kwa tsaya, kutentha thupi kapena kulephera kumeza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chilonda cha m'kamwa chosapola pakatha milungu 2 chikaonedwenso.

Manyazi nawo ndi nkhani. Wina amatseka pakamwa ndi dzanja akamaseka, amazemba kutchalitchi, amaopa kukafunsa ntchito ku esiteti ya tiyi, ndipo kudzipatula kotereku kumabwezera munthu kwa anzake akale aja. Dzino lobowoka limamatidwa likafulumira kuonedwa, lothimbirira ndi utsi limatsukidwa, ndipo pamene lazulidwa angaikepo loikirira. Achibale, musamunene za fungo la m'kamwa pagulu. Mugulireni mswachi, mumuperekeze kuchipatala.